Masamba a Lachisanu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cholemba bwino manambala. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, sukulu nditalekezera Fomu 2, ndipo ndinkakhala ndi achemwali anga pa boma la Mzimba. Kwathu ndi ku Ntcheu. Achemwali anatsatira amuna awo amene ankacheka matabwa ku Viphya, ine n'kutsatira achemwali. Munali m'zaka za m'ma 1970, nthawi imene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani.

Lamulungu lina ndinkalemba manambala a nyimbo pa bolodi la m'tchalitchi. Titatuluka, bambo wina wamtali wa magalasi okhuthala anandiimitsa pakhomo.

"Seveni wanu safanana ndi wani," anatero. "Mumagwira kuti ntchito?"

Ndinati sindigwira. Anati iwo ndi a Shaba, amayang'anira famu yoyeserapo mbewu cha ku msewu wa ku Edingeni, ndipo akufuna munthu wa maso akuthwa ndi dzanja laudongo. Lachitatu lake ndinakwera lole ndi kachikwama kanga.

Famuyo inali yaing'ono. Panali minda ya fodya wa bale ndi chimanga, zigafa ziwiri zoumitsira fodya, ofesi ya njerwa, midadada ya antchito, ndi nyumba ya a Shaba kuseri kwa mitengo ya bulugamu, momwe ankakhala ndi akazi awo aNyaGondwe ndi ana atatu. Ine ndinkagona kwa aNyaMoyo, mayi wamasiye wachikulire amene ankathirira nazale ndi kusesa pabwalo. Chichewa chawo chinali chosakaniza ndi Chitumbuka, pomwe Chitumbuka changa chinkathera pa moni, koma tinkamvana.

Kumapeto kwa ofesi kunali chipinda chopanda zenera. Tinkachitcha chipinda cha mdima, ndipo ndimo munali ntchito yanga. Makoma ake anali okhuthala, pakhomo tinkapachika masaka onyowa, moti ngakhale dzuwa liswe mtengo kunja, mkati munkazizira ngati pachitsime. Munali mashelefu anayi odzaza mathireyi a malata.

M'mawa uliwonse ndinkapita kumunda ndi lezala watsopano ndi ndowa ya madzi. Ndinkadula masamba a fodya a msinkhu umodzi, tsamba lachisanu ndi chimodzi kuchokera pansi, n'kumiza phesi lake m'madzi nthawi yomweyo kuti lisafote. Ku ofesi ndinkawatsuka ndi madzi otcheza, kuwayala m'mathireyi pa mapepala onyowa, kenako kutenga kabulashi kakang'ono ngati kojambulira zithunzi. Kameneka ndinkakaviika m'mankhwala otchedwa kayinetini n'kupaka mbali imodzi ya tsamba, kulekezera pa mtsempha wapakati. Mankhwalawo ankachokera kunja kwa dziko ngati ufa m'kabotolo, ndipo tinkawasunga mufuliji ya palafini. Ukawasungunula ankangokhala ngati madzi, opanda mtundu, opanda fungo. Ukapaka, tsamba linkangonyowa, n'kuuma, osaoneka kanthu.

Kenako tinkavundikira mathireyi n'kutseka chitseko. Tsiku lililonse ndinkalowa ndi tochi ndi khadi la mitundu isanu. Faifi anali wobiriwira bii, wani anali wachikasu ngati papaya lakupsa. Ndinkayandikiza khadilo pa tsamba lililonse, mbali ino ndi mbali iyo, n'kulemba nambala m'buku. Tsiku lomaliza ndinkatenga chitsulo chobowolera, chokhala ngati kapaipi kakuthwa kukamwa, n'kuboola timabwalo ta tsamba tofanana ndi mabatani a jasi, tomwe tinkaumitsa ndi kuyeza pa sikelo.

Tsiku loyamba kuvundukula thireyi ya masiku asanu ndinabwerera m'mbuyo. Tsamba limodzi, koma theka lake lokalamba, lachikasu, lofewa, theka linalo lobiriwira ngati ndangolidula kumene. Malire ake anali owongoka, ndendende pomwe bulashi yanga inalekezera.

A Shaba anaseka ataona nkhope yanga.

"Tsamba silikalamba mwangozi, NyaBanda. Limachita kuuzidwa," anatero. Ankanditchula choncho monga amatchulira akazi a kumeneko. "Mbewu ili ndi amithenga ake, ife timati mahomoni. Mizu imatumiza mthenga wouza tsamba kuti dikira, ntchito ikadalipo. Mukalidula, mthengayo safikanso, ndiye limayamba kudziphwasula. Mankhwalawa angobwereka mawu a mizu."

Anandionetsanso mthenga wina wotsutsana naye, mpweya umene umatuluka m'zipatso zakupsa. Anatsekera masamba m'debe limodzi ndi nthochi zakupsa, ndipo pomwe anzawo a m'thireyi anali asanasinthe, a m'debemo anali atafika kale pa thuu. N'chifukwa chakenso alimi amathena fodya, kudula mutu wa maluwa ndi kuthyola mphukira. Maluwa ndi njere zimakoka chakudya m'masamba n'kuwakalambitsa, koma mukazichotsa masamba amakhalitsa, amakula ndi kukhuthala. Chimene a Shaba ankafuna chinali kupeza njira yoti fodya azipsa mofanana, chifukwa alimi ankataya masamba apansi amene ankaolera m'munda zigafa zisanakonzeke.

Antchito ena sankachikonda chipindacho. Ankalambalala podutsa. ANyaMoyo ankasesa mpaka pakhomo, osapitirira.

"Tsamba lafa, imwe mukuliuza kuti dikira," ankatero. "Mbwenu n'chiyani chimenecho, mwana wane? Chakufa chisiyeni chipite."

Ndinkawaseka, koma kunena zoona nanenso sindinkakonda kutseka chitseko ndili mkati. Mumdima umo munkamveka tizinthu. Dontho la madzi kugwa pa lata. Tsamba kupindika pang'onopang'ono n'kukhudza chivundikiro. Ndi fungo lija la zinthu zimene zadulidwa koma sizinafe.

Ndinagwira miyezi isanu bwinobwino. Mu Febuluwale zinthu zinayamba kusintha. Phukusi la mankhwala linafika litamasulidwa n'kumangidwanso ndi chingwe china. Makalata ochokera kwa mphunzitsi wawo wakale wa kunja ankafika atamatidwa kawiri. Kalaliki wa pa ofesi, bambo amene kale ankakonda nthabwala, anasiya kucheza ndipo ankapita ku boma pa njinga kawirikawiri. A Shaba ankati akamandifotokozera chinthu, n'kulekeza pakati, maso ali ku msewu.

Loweruka lina anandituma kukawerenga mbewu zimene zatulutsa maluwa. Pobwera ndinawapeza akutuluka m'chipinda cha mdima, bulashi ili m'manja. Zimenezi zinandidabwitsa, chifukwa chiyambireni ine ntchito sanapakepo okha.

"Pa shelefu yapansi pali mathireyi atatu anga," anatero. "Musawavundukule mpaka Lachisanu. Ndikakhalapo, ndiwaona ndekha. Ndikapanda kukhalapo, muwaone inu."

"Muli ndi ulendo, abwana?"

"Sindikudziwa," anatero, n'kutsuka bulashi.

Lolemba cha m'ma teni koloko tinali m'munda tonse, tikuthena fodya. Galimoto ya Landirova inalowa pang'onopang'ono n'kuima pamutu pa mizere. Munatuluka amuna awiri ovala majekete. Sanakuwe, sanagwire munthu. Analankhula ndi a Shaba motsitsa mawu ngati anthu ofunsa njira. A Shaba anandipatsira mpeni umene unali m'manja mwawo osandiyang'ana, n'kuyenda pakati pa amunawo mpaka ku galimoto. Palibe amene anaweramuka. Anthu makumi awiri m'munda, koma chimene chinkamveka chinali kuthyoka kwa mitu ya fodya basi, thyo, thyo, thyo, mpaka fumbi la galimoto litatha.

Sabata imeneyo dzina lawo linazimirira pa famu. Palibe amene ankalitchula, ngakhale m'nyumba. Jasi lawo loyera linali lendee pa msomali mu ofesi, magolovesi ali m'thumba, ndipo aliyense wolowa ankayang'ana kumbali. ANyaGondwe ndi ana anadzitsekera. Tinkangoona utsi kuseri kwa bulugamu. Kupita kukawazonda kunali kudziitanira galimoto ija.

Kalaliki ndiye anatenga makiyi. Lachinayi masana anandiitana.

"Zonse za m'chipinda chija mukataye kudzenje lero. Mawa kukubwera anthu."

Ndinataya za m'mashelefu atatu apamwamba. Masamba a milungu iwiri ya ntchito ndinawakhuthulira m'dzenje la zinyalala. Nditafika pa shelefu yapansi ndinagwada, ndinagwira thireyi yoyamba, n'kuisiya. Sindinganame kuti ndinali wolimba mtima. Kungoti munthu uja anati Lachisanu, ndipo tsikulo linali Lachinayi. Ndinakhoma chitseko n'kuuza kalaliki kuti ndimaliza m'mawa.

Lachisanu ndinalowa dzuwa litangotuluka, antchito akupita kumunda. Ndinatulutsa mathireyi atatu aja, kuwayala pa tebulo motsatana ndi manambala awo, n'kuchotsa zivundikiro. Munali masamba asanu ndi anayi, atatu m'thireyi iliyonse. Ndinawalitsa tochi.

Masambawo anali achikasu onse, koma pakati pa lililonse panali mizere yobiriwira bii, yaikulu ngati chikhatho. Sanapake theka monga tinkachitira. Analemba. Zilembo zinali zitatuluka mumdimamo zokha, pang'onopang'ono, masiku onse amene ife tinkaopa kutchula dzina lawo. Dzanja linali lawo ndithu, W wawo wa nsonga yaitali pakati, amene ndinkamuona m'buku tsiku lililonse. Ndinacheuka kuyang'ana kumbuyo kwanga, chifukwa ndinamva ngati aima pomwepo akudikira kuti ndiwerenge.

Ndinawerenga, koma mawuwo anali a Chitumbuka. Ndinathamangira ku nazale.

"Amama, tiyeni. Musafunse."

ANyaMoyo anaima pakhomo paja nthawi yaitali. Kenako anapukuta manja pa chitenje n'kulowa, koyamba chimangidwire chipindacho. Iwo sankadziwa kuwerenga, ine sindinkamva chinenerocho. Ndinaloza tsamba lililonse ndi tochi, n'kumatchula monong'ona.

"Wa, na, wa, lu, te, kwa, si, bwe, ni."

"Bwerezani."

"Wana walute kwa sibweni."

Anagwira pakamwa. "Ana apite kwa amalume awo," anatero. "Mlongo wa aNyaGondwe ali kuseri kwa malire, ku Lundazi. Anadziwa, dada uyu. Anadziwa kuti sizithera pa iye yekha."

Pamenepo ndinamvetsa. Kalata akanaipeza poisecha nyumba. Kuuza akazi awo pasadakhale kukanakhala kuwaopseza, mwina pachabe, ndiponso banja likasamutsa ana mwadzidzidzi anthu amafunsa. Koma tsamba lopakidwa silionetsa kanthu masiku anayi. Akanakhala kuti sanatengedwe, akanangolitaya okha.

ANyaMoyo anawerama pang'ono, anaomba m'manja mosamveka, n'kuuza masambawo kuti, "Yewo, dada. Tapulika," kutanthauza kuti tamva. Anatuluka, anatenga lichero la nkhwani ngati wokagulitsa ndiwo, n'kulunjika ku bulugamu. Asanafike n'komwe ndinamva injini ku msewu.

Kudzenje kunali kutali, ndipo kupita kumeneko kunali kudutsa pabwalo. Ndinasokoneza masambawo, ndinatenga chitsulo chobowolera, n'kuyamba kuboola pa zilembo penipeni. Ndinkaboola ngati wamisala, timabwalo tobiriwira tikugwera pa tebulo. Ndinamaliza asanu ndi atatu. Lachisanu ndi chinayi lili m'manja, kuwala kwa pakhomo kunatsekeka.

Anali amuna awiri omwe aja, kalaliki ali kumbuyo kwawo. Wamfupi, wa mawu ofatsa, wonunkhira sopo, ndiye ankalankhula. Mnzakeyo anangoyamba kutsegula mabotolo onse a pa tebulo, kununkhiza, n'kuunjika zitsekerero pamodzi.

"Ndinati mutaye izi," anatero kalaliki.

"Ndimamaliza kuyeza, abwana."

Wamfupi uja anatambasula dzanja. Ndinamupatsa tsambalo. Anapita nalo pakhomo n'kulikweza ku dzuwa. Panali NA, wobiriwira, woonekera ngati wa pa bolodi.

"Ichi n'chiyani, chemwali?"

"Chizindikiro, bwana. N ndi nazale, A ndi mzere woyamba."

"Analemba ndani?"

"Ndine."

Anakanda chilembocho ndi chikhadabo, n'kuyang'ana chala chake. "Inki yake ili kuti?"

Ndinayamba kufotokoza. Ndinanena za mizu, za amithenga, za nthochi m'debe, za kuthena, za khadi la mitundu isanu. Ndinkalankhula ngati mwana wolakatula pamtima, poganiza kuti atopa nazo. Sanatope. Anamvetsera zonse mutu uli pambali, maso ali pa ine, osaphethira.

"Ndiye munthu atha kulemba pa tsamba, osaoneka, n'kudzaoneka pambuyo?"

"Ndi za kuyesa fodya chabe, bwana."

"Ndionetseni. Lembani dzina lanu."

Ndinatenga tsamba labwino limene linatsala m'ndowa n'kuliyala. Pa tebulo panali mabotolo awiri abulauni ofanana, lina la kayinetini, lina la madzi otcheza. Mayina ake tinkalemba pa zitsekerero, ndipo zitsekererozo zinali mulu umodzi pakona pomwe mnzake uja anaziunjika. Ndinayang'ana botolo ili, ndinayang'ana linalo. Madzi okhaokha. Kufunsa sindikanatha. Ndinaviika bulashi m'lomwe linali pafupi ndi dzanja langa, n'kulemba ELUBE BANDA. Tinaima tonse anayi tikuonerera dzina langa likuuma mpaka linazimirira.

Munthu uja anatenga pepala lonyowa m'thireyi, anakulunga tsambalo mosamala, ndendende monga ndinafotokozera, n'kuliika m'bokosi momwe anaikamo mabuku ndi makalata a a Shaba.

"Masiku anayi?"

"Anayi kapena asanu, bwana. Mumdima."

"Mdima tili nawo," anatero, n'kumwetulira pang'ono.

Anatenga mabuku onse, kabotolo ka mufuliji, ngakhale khadi langa la mitundu. Potuluka anaimika galimoto ku bulugamu. Anapeza aNyaMoyo atakhala pakhonde, lichero lili pamiyendo, akutsutsana ndi aNyaGondwe za kukula kwa mulu wa nkhwani. Anauza aNyaGondwe kuti asachoke pa famu, n'kupita.

Loweruka masana ngolo ya ng'ombe ya mphwawo wa aNyaMoyo inadutsa kuseri kwa nyumba ija, itanyamula matumba a chimanga opita kuchigayo. Pobwera inalibe matumba atatu a pakati, amene sanali a chimanga. Ana anawoloka ndi anthu a m'midzi ya m'malire, amene minda yawo ili mbali zonse ziwiri. Lachiwiri lotsatira galimoto inabweranso kudzatenga aNyaGondwe. Anawasunga miyezi yambiri, ndipo nyumba inakhomedwa tsiku lomwelo. Ana aja akanakhalapo, sindikudziwa amene akanalimba mtima kuwatsegulira chitseko.

Ine ndinkawerenga masiku. Ndinkadziwa kuti mbali zonse ziwiri n'zoipa. Ngati ndinaviika m'madzi, tsamba lidzachita chikasu lonse ndipo munthu uja adzati ndinamunamiza. Ngati ndinaviika m'mankhwala, ndiye kuti kwinakwake m'kabati ya ofesi imene sindikuidziwa, dzina langa likumera lokha, chilembo ndi chilembo. Tsiku lachinayi linafika, lachisanu, lachikhumi. Injini iliyonse ya pa msewu ndinkaiyesa galimoto ija. Ndinaonda mpaka aNyaMoyo ankandikakamiza kudya ngati mwana. Koma palibe anabwera. Mpaka lero sindidziwa botolo limene ndinaviikamo.

Ntchito ya m'chipinda cha mdima inathera pomwepo. Anachisandutsa mosungira feteleza. Ine ndinakhala mpaka fodya atachoka m'zigafa, kenako ndinapeza malo ku nazale ya mitengo ku Viphya, ndipo m'ntchito ya mbande ndi mbewu ndakalambiramo.

Patapita zaka zisanu ndinali pa depoti ya basi pa boma la Mzimba pamene wina anaitana kumbuyo kwanga kuti, "NyaBanda." Ndinaona nkhalamba ya imvi, masaya olowa, magalasi omangidwa ndi ulusi. Ndinawazindikira ndi kutalika kokha kuti ndi a Shaba. Anali atatuluka chaka chapitacho, anapeza akazi awo, ndipo ana anali atabwerako, wamkulu atatalika kuposa mayi ake.

Tinakhala pa benchi. Sananene za kumene anali, ine sindinafunse.

"Zaka zinayi ndinali ndi funso limodzi," anatero. "M'mawa uliwonse ndinkadzifunsa, kodi anavundukula? Panalibe wondiuza. Masiku ena ndinkati anavundukula. Masiku ena ndinkaona mathireyi aja ali m'dzenje, zivundikiro zili pomwepo."

Ndinawauza zoona, kuti Lachinayi lija ndinagwada n'kugwira thireyi yoyamba kuti ndikaitaye.

"Nanga zinkawerengeka?" anafunsa pomaliza. "Ndinkaopa kuti mankhwala aja afooka."

"Zinkawerengeka, abwana. Zonse zisanu ndi zinayi."

Anagwedeza mutu kangapo. Anachotsa magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali, ngakhale analibe fumbi. Basi yawo ya ku Embangweni itabwera anakwera, ndipo sindinadzawaonenso.

Pa moyo wanga ndaphunzitsa anthu ambiri ntchito ya nazale. Pali malamulo awiri amene ndimaumirira kuposa onse, ndipo amandinena kuti ndine mayi wovuta. Loyamba, dzina la mankhwala lilembedwe pa botolo, osati pa chitsekerero. Lachiwiri, chinthu chimene munthu wina anayala asachitaye wina aliyense asanachivundukule n'kuchiyang'ana, kaya mwini wake wachoka, kaya wamwalira, kaya wamkulu walamula kuti chitayidwe lero. Ena amang'ung'udza kuti ndi zofota kale, zikungowononga malo. Sindikangana nawo. Ndimangoima pomwepo, manja kumbuyo, mpaka atatembenuza tsamba lomaliza.